Ndikufuna ana ayatse kababu ndi batire Loweruka likubwerali, ndiyambire pati?

Naphiri wa ku Mufakose, Lolemba usiku

Moni nonse abale, mundipirire ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandikhala pamtima. Ine ntchito yanga ndi yosoka, si ine mphunzitsi ayi, koma Loweruka lililonse masana ndimakhala ndi ana a kutchalitchi kwathu kuno ku Mufakose mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, alipo 17, ambiri a Grade 5 mpaka Grade 7, awiri okha ndi a Form 1. Tinayamba ndi cholinga choti aziwerenga Chichewa poti ana athu obadwira konkuno agogo awo akawafunsa m'Chichewa iwo amangoyankha m'Chishona, ndiye pang'ono ndi pang'ono anayamba kubwera ndi homuweki yakusukulu mpaka pano timangothandizana chilichonse chimene abwera nacho.

Loweruka lapitali mtsikana wina wa Grade 6 anandionetsa kope lake la sayansi, wajambula bwino kwabasi batire, mawaya, swichi ndi babu, aphunzitsi anamuchongera zonse. Ndiye ndinangomufunsa kuti iwe, nditakupatsa batire ndi babu pompano ungayatse? Anandiyang'ana n'kunena kuti sanagwirepo, amangokopera zimene zili pabolodi. Ndinafunsa enawo, mmodzi yekha ndi amene anatsegulapo tochi. Abale zinandipweteka, ana amenewa ndi omwewo amawerengera tochi ya pafoni ya amayi awo magetsi akazima, tsiku ndi tsiku ali nazo zinthuzi m'manja koma kuwalako sakudziwa kuti kumabwera bwanji.

Makolo asonkha madola 15 ndipo ndawalonjeza anawo kuti Loweruka tiyatsa babu ndi manja athu. Vuto ndi loti inenso zimenezi ndinasiyana nazo kalekale kusukulu. Ndigule chiyani kwenikweni ndipo ndikazipeza kuti? Mlamu wanga akuti timababu tatochi takale tija sitikupezekanso ndigule timagetsi ting'onoting'ono tamakono totchedwa ma LED, koma akutinso amafuna kanthu kena kotchedwa resistor apo ayi amapsa, ine resistor sindikuidziwa olo maonekedwe ake. Komanso ndili ndi mantha, ana 17 ndi ambiri kwa munthu mmodzi, palibe amene angagwidwe shoko? Chomaliza, mawu a Chingerezi akuti seketi (circuit) aja ndiwafotokoze bwanji m'Chichewa, chifukwa nditangowatchula anyamata anayamba kuseka akuti ndikunena siketi yovala. Thandizeni chonde, masiku atsala ochepa.

Mwale wa ku Rugare, Lachiwiri m'mawa

Achemwali mwachita bwino kufunsa musanagule kanthu. Ine ndimalumikiza magetsi m'nyumba komanso kuika ma sola, ndiye ndiyambe ndi za mantha anuwo. Batire la tochi kapena la rimoti la AA lili ndi mavolti 1.5 basi, awiri mukawalumikiza mutu ku matako amapanga 3, mwana olo agwire mbali zonse ndi manja onyowa samva kanthu. Choopsa ndi soketi yapakhoma, kuno ndi mavolti 220 mpaka 240 ndipo amapha, ndiye tsiku limenelo pasakhale chilichonse cholowa pakhoma, olo chaja ya foni ayi. Batire la galimoto kapena la sola la mavolti 12 nalonso musalibweretse, silimenya shoko koma waya ukakhudza mitu yonse iwiri umafiira ngati khala nthawi yomweyo n'kuwotcha dzanja. Ndipo pali timabatire tija ta lithium ta 18650 timene anthu amachotsa m'malaputopu akale ndi m'mapawabanki, anyamata amakonda kutitola, amenewo akakhala ndi shoti, kutanthauza mitu yake iwiri italumikizana mwachindunji, amatha kuyaka moto. Mwana akabwera nalo mulande bwinobwino.

Zogula, ine ndingati agaweni anawo m'magulu 6 a anthu atatuatatu, gulu limodzi likhale la awiri. Gulu lililonse lipeze mabatire a AA awiri, ndiye kuti 12 onse pamodzi, onjezerani 4 apadera. Ma LED a 5 mm gulani ofiira ambiri, ngati 20, ndi oyera ochepa, sadula ndipo ena apsa ndithu. Masitolo ogulitsa zida zokonzera mawailesi ndi ma TV mtauni amakhala nawo, ndipo ku Magaba ku Mbare mukhoza kupeza matochi ndi timagetsi tasola takufa n'kuchotsamo ma LED, maswichi ndi tizotengera ta mabatire. Waya musagule. Pezani chidutswa cha kebulo yakale ya netiweki ija ya makompyuta, mukaisenda mkati muli timawaya 8 tamitundumitundu, mamita awiri akwanira kalasi yonse. Musendereni kunyumba nsonga zonse kuti ana asagwire lezala.

Za resistor tsopano, ndi kanthu kakang'ono ngati njere ya mpunga kamiyendo iwiri kokhala ndi timizere tautoto, ntchito yake ndi kuchepetsa magetsi odutsa kuti LED isapse. LED yofiira imafuna mavolti pafupifupi 2 ndipo simafuna magetsi opitirira ma milliamp 20 (milliamp ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi odutsa). Mukaipatsa 3 patsala volti imodzi yoti ka resistor kameze, ndiye nenani kuti mukufuna ya ma ohm 100 (ohm ndi muyeso wa mmene resistor imatchingira magetsi), mizere yake ndi bulauni, wakuda, bulauni. Masamu ake ndi osavuta, 1 kugawa ndi 100 ndi 0.01, kutanthauza ma milliamp 10, LED iwala bwino osatentha. Awa ndi masamu a lamulo la Ohm, a Form 1 awiriwo mukhoza kuwapatsa awerengere okha. Mukagwiritsa batire la mavolti 9 lamakona anayi lija ndiye pakufunika ya 470, chikasu, pepo, bulauni, mukaiwala LED imangothwanima kamodzi basi yapita.

Chinanso, LED ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Mwendo wautali upite ku + ndipo waufupi ku mbali ya minus, mukatembenuza siyaka koma pa mavolti 3 siwonongeka, mungoitembenuzanso. Resistor yokha ilibe nazo ntchito, mbali iliyonse ndi bho. Swichi pangani nokha, kakatoni, timisomali tiwiri tamapepala tamutu waphwatalala tija ndi pini yotsekera zovala imene inu muli nazo zambiri, mukaikankha n'kukhudza kamsomali kenako yayaka, mukaichotsa yazima. Selotepi yakuda imodzi ndi malabala omangira mabatire, madola 15 akwana.

A Nkhoma a ku Highfield, Lachiwiri madzulo

Akundilembera ndi mdzukulu wanga poti maso anavuta, ine ndikungonena. Mwana wanga Naphiri, ndinaphunzitsa pulayimale zaka zambiri mpaka kupuma, ndipo phunziro limeneli ndi limene ndinkalikonda kuposa onse. Zonse zimene anena a Mwale za chitetezo ndi zoona, musachotsepo ngakhale chimodzi. Koma pa kayambidwe ndisiyana nawo pang'ono, andikhululukire.

Mukayamba ndi LED ndi resistor ndi swichi tsiku loyamba, mwana akhala ndi zinthu zinayi zoti alakwitse nthawi imodzi, ndiye inu muyamba kumuuza kuti ika apa, tembenuza apo, iye n'kumangotsatira. Iyaka inde, aomba m'manja, koma wachitanso zomwe zija zokopera pabolodi, kungoti pano wakopera ndi zala. Yesetsani mupeze timababu tatochi takale ta mavolti 2.5, olo 6 tokha. Gulu lililonse mulipatse batire limodzi, kababu kamodzi ndi waya umodzi wokha. Umodzi. Kenako muwauze kuti yatsani, inu n'kukhala pansi manja kumbuyo.

Ndikuuzeni zimene zichitike chifukwa ndinaziona chaka ndi chaka. Pafupifupi onse atenga waya kuchokera pamutu pa batire kupita pansi pa babu, n'kudikira. Siliyaka. M'mutu mwawo magetsi ali ngati madzi apampopi, amachoka uku n'kukathera uko. Ena ayamba kunena kuti batire ndi lakufa, ena akuti babu ndi lopsa, ena abwera kudzakukokani chitenje kuti muwathandize. Musawathandize. Apa ndi povuta kwa mphunzitsi aliyense chifukwa mtima umafuna kumupulumutsa mwana, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi khumi kapena kuposerapo wina aika matako a babu pamutu pa batire, waya kuchokera pansi pa batire kukakhudza chitsulo cham'mbali mwa babu, kenako muona kakuwala kofiirira ndi kukuwa. Mwana ameneyo simudzamuphunzitsanso kuti njira iyenera kubwerera kumene yachokera. Mumuuze asaonetse anzake msanga, angowauza kuti babu lili ndi malo awiri ogwira.

Ubwino wa babu lakale ndi woti mkati mumaoneka. Aliyang'anitsitse padzuwa aone kawaya kopyapyala kopotanapotana kaja, mbali ina kalumikizidwa ku kadontho kapansi, mbali ina ku chitsulo cham'mbali, magetsi akamadutsa kamatentha mpaka kuwala. Mukapeza babu lopsa libweretseninso aone kuti kawayako kaduka. LED mwana saona kanthu mkati, amangokhulupirira.

Za mawu aja, musavutike ndi seketi, mawuwo adzawapeza pa mayeso. Inu nenani kuti njira yozungulira. Ndipo poti ndinu telala, chitsanzo muli nacho kale m'nyumba, lamba wa makina osokera opalasa ndi mapazi uja. Phazi lanu ndi batire, singano yokwera ndi kutsika ndi babu, lamba ndi magetsi a m'waya. Lamba amazungulira yense nthawi imodzi, sayamba kuyenda pansi kenako pamwamba pambuyo pake ayi. Mukamudula pamalo alionse, kaya kutsogolo kaya kumbuyo, zonse zaima, ndiye chifukwa chake swichi mukhoza kuiika mbali iliyonse ya babu n'kugwirabe ntchito. Ndipo lamba sathera ku singano, amabwerera yense, chimene chimatha ndi mphamvu za mwendo wanu. Ana ambiri, ngakhale akuluakulu, amaganiza kuti babu limadya magetsi moti waya wobwerera umanyamula ochepa, pamene odutsa ndi ofanana njira yonse, chimene chikutha ndi mphamvu ya mankhwala a m'batire. Ngati mungathe kunyamula mutu wa makina kapena kuwatengera anawo kwanu akaone, chitani.

Akamaliza zimenezo ndiye adule njirayo pakati, pasiyidwe mpata, aziikapo zinthu. Supuni, kiyi, khobidi, chikuni, labala, chivindikiro cha botolo, pepala. Koma asanaike chilichonse ayambe alemba m'kope kuti chiyatsa kapena ayi, kenako ayese. Musaiwale pensulo yosongola mbali zonse ziwiri, onse anena kuti ndi mtengo siyatsa, koma akagwiritsa mawaya pa mtima wakuda wamkatiwo kababu kayaka mofooka. Chivindikiro cha botolo nachonso chimawazunguza chifukwa cha penti, mpaka wina aganize zokanda. Kujambula kubwere kumapeto, ajambule chimene apanga ndi manja awo, ndiye muwaonetse zizindikiro za m'buku zija. Ma LED a a Mwale asungeni a Loweruka lachiwiri.

Mayi a Chisomo, Dzivarasekwa, Lachitatu m'mawa

Ine ndine namwino ndiye ndilankhula mbali yanga. Mwina wina akuuzani kuti njira yachidule ndi timabatire tozungulira ngati khobidi tija ta CR2032 poti tili ndi mavolti 3 ndipo LED umangoipanikiza miyendo mbali ziwiri n'kuyaka popanda resistor. Ndi zoona imayaka, koma chonde ngati mutigwiritse ntchito muwerenge popereka ndi potolera, ndipo pasapezeke mwana wopita nako kunyumba. Ana anuwo ndi akuluakulu koma kwawo kuli ang'ono awo okwawa, kabatire kameneko kakamezedwa n'kukakamira pakhosi kamatha kuwotcha mkati m'maola awiri okha, ndipo mwana wamng'ono sanena kuti wameza. Zikachitika ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo, osamusanzitsa. Ine ndingakonde mukhale pa ma AA omwewo.

Chachiwiri chimene chimandidetsa nkhawa si Lowerukalo ayi koma Lamulungu lake. Mwana akayatsa babu amafika kunyumba mtima uli m'mwamba kufuna kuyesa chilichonse. Wanga wachiwiri ali ndi zaka 10 anaona amalume ake akukonza wailesi, mawa lake ndinamupeza wagwira kawaya akulunjika pa adaputala, mwayi magetsi anali atapita tsiku limenelo, miyendo yanga inachita kuzizira. Ndiye muwauze mobwerezabwereza, ndipo alonjeze ndi pakamwa pawo, kuti za batire ndi zina za pakhoma ndi zina. Muwauzenso kuti magetsi akazima soketi isamatengedwe ngati yakufa chifukwa amabwera osagogoda. Makolo nawonso auzidwe pa gulu lanu la WhatsApp kuti ana aphunzira chakuti.

Komanso achemwali muyang'anire atsikana. Mukawasakaniza muona anyamata alanda mawaya, mtsikana n'kupatsidwa ntchito yolemba. Amene anayambitsa zonsezi ndi mtsikana wa kope uja, agwire waya ndi iyeyo.

Mwale wa ku Rugare, Lachitatu masana

Agogo a Nkhoma ndagonja, za waya umodzizo ndi nzeru, ine ndimaganiza ngati munthu wofuna kumaliza ntchito. Ndingowonjezera chimodzi chimene chichitike pa nthawi yofufuzayo, wina atenga wayawo n'kulumikiza mutu ndi matako a batire mwachindunji popanda kudutsa pa babu. Imeneyo ndiye shoti, waya ndi batire zimayamba kutentha ndipo batire limatha msanga. Muwauze lamulo limodzi musanayambe, chikatentha siya. Pa ntchito imeneyi gulani mabatire otchipa wamba aja, osati otchaja, chifukwa otchaja akakhala pa shoti amatulutsa magetsi ambiri n'kuwotcha chala. Timababu ta 2.5 ndafufuza m'bokosi langa ndapeza 4, tina funsani kwa okonza njinga kapena ogulitsa matochi akale ku msika wa Siyaso. Ndikhoza kusiya kwa mlongo wanga amakhala ku Kambuzuma kufupi ndi kwanuko, tilankhulane kumbali.

Kondwani wa ku Mabvuku, Lachinayi usiku

Anti Naphiri ine ndili chaka chachiwiri pa kosi ya zamagetsi ku koleji ndiye izi zandikumbutsa mmene ndinayambira, ndinaphwasula tochi ya agogo anga kuti ndione mkati ndipo sindinathe kuibwezeretsa, anandikalipira koma mawa lake anakhala nane pakhonde tinaibweza limodzi. Ndingopereka za masabata akutsogolo mukadutsa zimene anena agogo a Nkhoma.

Mukafika pa ma LED ana akhoza kupanga khadi loyaka. Mumatenga katoni, foyilo yakukhitchini ija mumaidula timizere n'kumata ngati misewu iwiri, LED pakati, ndiye pakona popinda pakhale swichi, ukatsina yayaka. Chimene chimavuta ndi selotepi, ikalowa pakati pa foyilo ndi mwendo wa LED magetsi sadutsa ngakhale zikuoneka ngati zagwirana, ndiye mwana amaphunzira kufufuza pamene njira yaduka, zimene ifenso ku koleji timachita tsiku lililonse kungoti ndi mita yoyezera magetsi. Ena akhoza kumanga kanyumba kakatoni ka zipinda ziwiri chilichonse ndi swichi yake, pamenepo ndi pamene amamvetsa kusiyana kwa kulumikiza mondondozana ndi kulumikiza chilichonse panjira yake. Mondondozana mukachotsa babu limodzi onse azima, pomwe m'nyumba zathu babu lakuchipinda likapsa lapabalaza limayakabe. Ma LED ofiira awiri mondondozana pa mavolti 3 sayaka bwino chifukwa aliyense akufuna pafupifupi 2, musadabwe nazo.

Ina yosangalatsa ndi ya mandimu. Msomali wa malata uja wokutidwa ndi zinc ndi kachidutswa ka waya wamkuwa mumazibaya mu ndimu osakhudzana, zimapereka pang'ono kuchepera volti imodzi. Mandimu 4 mondondozana amayatsa LED yofiira koma mofooka kwambiri, muyenera kuphimba ndi bulangete kuti muone, babu latochi ndiye siliyaka n'komwe. Batire loyamba la Alessandro Volta mu 1800 linalinso zitsulo ziwiri zosiyana ndi madzi amchere pakati, dzina loti volti likuchokera kwa iyeyo. Mandimuwo akatha ntchito atayidwe asadyedwe.

Ndipo muwauzeko za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndi wakwathu ndipo ana ambiri obadwira kuno sanamumvepo. Anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija, ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola ndi dainamo ya njinga mpaka kuyatsa babu kwawo, zambiri ankaziona pa zithunzi za m'mabuku a mulaibulale. Ine nditamva kuti amalankhula Chichewa ngati agogo anga ndinayamba kuona zinthu mwina.

Naphiri wa ku Mufakose, Loweruka usiku

Abale ndabwera kudzanena mmene zayendera, ndatopa koma tulo sitibwera ndisanalembe. Zikomo nonse. Achimwene a Mwale timababu 4 tija ndinalandira, tina 2 ndinapeza kwa bambo wina wokonza mawailesi, ndiye magulu onse 6 anali ndi kake. Anabwera ana 16, mmodzi wadwala. Atsikana ndinawaika m'magulu awoawo monga munanenera mayi a Chisomo, ndipo tisanayambe aliyense anaimika dzanja kulonjeza za soketi.

Agogo a Nkhoma munanena ngati munalipo. Magulu onse anayamba ndi waya kuchoka pamutu pa batire kupita pansi pa babu, kenako phokoso loti anti mwatigulira mabatire akufa. Manja anga ankachita kuyabwa, ndinakhalira pampando ndikuwerenga mphindi, gulu lina linapanga shoti n'kukuwa kuti watentha ndipo anasiya okha. Patatha mphindi 14 kunamveka mfuu pakona, osati kwa mtsikana wa kope uja ayi koma kamnyamata ka Grade 5 kamene sikalankhula m'kalasi, amene aphunzitsi ake amati ndi wochedwa kumva. Ananditchula katatu m'Chishona osachotsa maso pababu kuopa kuti lizima. Mtsikana uja gulu lake linali lachinayi kuyatsa ndipo anakwiya pang'ono, kenako anatenga kope lake n'kuyamba kulondola chojambula chake chija ndi chala, akuti anti ndiye kuti mzere uwu wobwererawu ndi waya weniweni eti. Ndinachita kutembenukira kukhoma kuti asaone maso anga.

Za lamba zinagwira, ndinanyamula lamba wakale wa makina anga tinamuzunguliza pa manja a ana awiri wina n'kumakoka. Mmodzi wa a Form 1 anafunsa kuti nanga mawaya a magetsi ochokera ku damu la Kariba amabwereranso ku Kariba? Ndinati ndikafunsa. Pensulo inawagwetsa onse 16, onse analemba kuti siyatsa. Chivindikiro anakanda ndi msomali monga munanenera.

Nthawi inatsalako ndiye sindinapirire, ndinatulutsa ma LED kwa a Form 1 awiriwo ndi mabatire awiri ndi resistor ya bulauni wakuda bulauni ija. Yoyera inayaka bwino. Koma atatenga yofiira n'kuigwiritsa pa miyendo yomweyo ya yoyerayo, wautali ku wautali waufupi ku waufupi, yofiira inayaka yoyera n'kuzima, akachotsa yofiira yoyera n'kubwerera. Anabwereza kasanu. Andifunsa chifukwa chake ndipo ndawauza zoona kuti tikafufuze tonse, aliyense alembe maganizo ake pofika Loweruka. Ndiye a Mwale, Kondwani, chikuchitika ndi chiyani pamenepa, taononga kanthu?

Mwale wa ku Rugare, Lamulungu m'mawa

Palibe chimene mwaononga achemwali, ndipo anawo apeza chinthu chenicheni. Yofiira imatseguka pa mavolti pafupifupi 2 pomwe yoyera imafuna pafupifupi 3. Mukaziika pa miyendo imodzi kuseri kwa resistor imodzi, yofiira imayamba kutseguka n'kugwira mavolti a pamenepo kuti asakwere kupitirira 2, yoyera n'kutsala ndi njala. Mankhwala ake ndi kupatsa iliyonse resistor yakeyake kuchokera ku batire, ziyaka zonse ziwiri. Koma potsatira agogo a Nkhoma musawauze, ingowapatsani resistor yachiwiri muone ngati aipezere malo.

Funso la Kariba lija mwanayo wafunsa bwino, yankho ndi inde njira imakhala yotsekeka, n'chifukwa chake pulagi ili ndi miyendo iwiri yonyamula magetsi, wachitatu wautali uja ndi wachitetezo wopita pansi. Kungoti a pakhoma sayenda mbali imodzi ngati a batire, amapita n'kubwerera ka 50 pa sekondi. Zimenezo ndidzamufotokozera ndekha ndi choko pabolodi, Loweruka likubwerali ndimaweruka 12 koloko ndiye ndibwera ndi mita yanga anawo adzayeze okha mavolti pa miyendo ya yofiira ndi yoyera. Mundisungire mabatire amene afooka aja musataye, tidzawayezanso. Mumayamba nthawi yanji, 2 koloko?